Kuyamba kuwotcherera zitsulo pakhomo: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa anthu ofuna kumadzikonzera okha geti, mipando, mashelefu, wilibala kapena khola la nkhuku. Tayankha poganizira munthu amene sanagwirepo makina owotcherera, ali ndi magetsi wamba a m'nyumba, ndipo ndalama zake ndi zowerengeka.

Ndiyambe ndi makina amtundu wanji?

Yambani ndi makina ogwiritsa ntchito ndodo zowotcherera, aja a inverter, otulutsa ma amp 140 kapena 160. Ndi opepuka moti mumawanyamula ndi dzanja limodzi, safuna gasi, ndodo zake zimapezeka pafupifupi mu shopu iliyonse ya hardware, ndipo amagwira ntchito panja ngakhale kukuwomba mphepo. Makina a MIG, amene amatulutsa waya mosalekeza m'malo mwa ndodo, ndi osavuta kuphunzira, msoko wake umatuluka waukhondo, koma amafuna botolo la gasi ndi waya wake, ndipo kamphepo pang'ono kamauluza gasiyo msoko n'kudzaza timabowo. A mtundu wina wotchedwa TIG asiyeni kaye. Amafuna manja onse awiri, gasi wa argon, ndi chitsulo chotsukidwa kwambiri.

Musakopeke ndi manambala akuluakulu olembedwa pa katoni. Makina ambiri otchipa amalembedwa 250 kapena 300 koma satulutsa mphamvu imeneyo, ndipo ngakhale akanatulutsa, soketi ya m'nyumba mwanu siingakwanitse kuwadyetsa. Onani kachikwangwani ka kumbuyo kapena pansi pa makinawo, pamene pamalembedwa ma amp pamodzi ndi duty cycle (nthawi imene makina angagwire ntchito asanatenthe). Onaninso nthambo: zikhale zonenepa bwino, ndipo chopanira cha earth, chimene mumapanira pa chitsulo chimene mukuwotcherera, chikhale ndi sipuling'i yolimba. Chopanira chofooka chimapangitsa munthu kuganiza kuti makina ndi akufa pamene vuto lili pa kachitsulo kotchipa kosinthika.

Nanga makina opangidwa pamanja aja timawaona m'misika?

Amawotcherera ndithu, ndipo mageti ambiri m'matauni athu anapangidwa ndi amenewo. Koma kwa woyamba, pakhomo pomwe pali ana, sitikukulimbikitsani. Ambiri amakhala ndi mawaya apoyera, alibe chodzizimitsira akatentha, amakoka magetsi ambiri, ndipo mphamvu imasinthidwa posuntha nthambo kuchoka pa mfundo ina kupita pa ina, kotero simungaichepetse pang'onopang'ono mukafika pa chitsulo chopyapyala. Moto wake ndi wovutiraponso kuyatsa poyerekeza ndi wa inverter.

Magetsi a m'nyumba akwanira?

Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imakhala ndi fyuzi yosapitirira ma amp 13. Izi zikutanthauza mphamvu ya pafupifupi 3 kW basi. Ndi ndodo ya 2.5 mm pa ma amp 70 mpaka 80, inverter imayenda bwino pa soketi yotere. Mukakwera pa ndodo ya 3.2 mm ndi ma amp 110 kapena 120 n'kuwotcherera nthawi yaitali, fyuzi imapsa kapena breaker imagwa. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa: amachotsa fyuzi n'kuikapo msomali kapena kachidutswa ka waya. Mukatero, chimene chiyenera kupsa sichipsa, m'malo mwake amatentha ndi mawaya a m'khoma ndi kudenga. Ngati mukufuna kumagwiritsa ntchito ndodo zazikulu, itanani wamagetsi wovomerezeka akukokereni soketi ya ma amp 16 yokhala ndi breaker yakeyake kuchokera pa bokosi lalikulu.

Nthambo yotalikitsira magetsi ikhale ya 2.5 mm², isapitirire mamita 15 kapena 20 ngati n'kotheka, ndipo muitambasule yonse. Ikakhala yokulunga pa gudumu lake imatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Ma extension oyera opyapyala aja a TV ndi foni asayandikire n'komwe.

Madzulo, pamene makomo ambiri akuphika, mphamvu ya magetsi imatsika m'madera ena. Mukaona kuti ndodo imene imayaka bwino m'mawa ikungomata cha m'ma 6 koloko madzulo, chifukwa chake chingakhale chimenecho.

Jenereta kapena sola zingayendetse makinawa?

Jenereta iyendetsa ngati ili ya 5 kapena 6 kVA kupita m'mwamba ndipo ili ndi AVR yosunga mphamvu pamalo amodzi. Tijenereta tating'ono towunikira m'nyumba timatsamwa mukangogunda ndodo, ndipo kukwera ndi kutsika kwa mphamvuko kumawononga zamkati mwa inverter. Yatsani jenereta kaye, iyende bwino, kenako muyatse makina. Pozimitsa yambani ndi makina. Sola wamba wa m'nyumba, wa mababu ndi firiji, musamuyese.

Duty cycle ndi chiyani?

Ndi gawo la mphindi 10 limene makina angawotcherere mosalekeza asanatenthe. Akalemba 60% pa ma amp 120, ndiye kuti mphindi 6 kugwira ntchito, mphindi 4 kupuma. Mukachepetsa ma amp, nthawiyo imawonjezeka. Nyale yochenjeza kutentha ikayaka, siyani kuwotcherera koma musazimitse makina, kuti fani ipitirize kuwaziziritsa.

Ndigule ndodo ziti, ndipo ndiike ma amp angati?

Gulani E6013 ya 2.5 mm. Imayaka mosavuta, imayakanso msanga mukaizimitsa pakati, ndipo makoko ake (zouma zotsala pamwamba pa msoko) amachoka okha ngati mwawotcherera bwino. Nambala 60 ikunena kulimba kwa msoko, 1 akusonyeza kuti ndodoyo imagwira ntchito chogona, choimirira ngakhale chagada, ndipo 3 ndi mtundu wa mankhwala amene anakutira ndodoyo.

Poyambira, ndodo ya 2.0 mm imafuna ma amp 40 mpaka 60, ya 2.5 mm ma amp 60 mpaka 90, ya 3.2 mm ma amp 90 mpaka 130. Pa paketi pamalembedwanso, ndipo zolembedwa pamenepo ndi zofunika kuposa zathuzi. Komabe manambala a pa makina otchipa sanena zoona nthawi zonse, choncho yesani pa chidutswa chotaya cha chitsulo chomwecho musanakhudze ntchito yeniyeni. Lamulo losavuta ndi lakuti ndodo isanenepe kuposa chitsulo chimene mukulumikiza.

Ndodo zimadana ndi chinyezi. Nyengo ya mvula, paketi yosiyidwa yotsegula pansi pa simenti imayamba kulilima, kuthetheka kwambiri ndi kusiya timabowo mu msoko. Zisungeni mu paipi ya pulasitiki yotsekedwa mbali zonse, m'nyumba, pamalo ouma. Ndodo imene mankhwala ake agumuka ku nsonga, itayeni kapena muidule. E7018 ndi yolimbirapo ndipo amaigwiritsa ntchito pa zitsulo zonyamula katundu wolemera, koma imavuta kuyatsa ndipo ikangoyamwa chinyezi ubwino wake umatha. Idzafika nthawi yake.

Ndivale chiyani?

Choyamba ndi helimeti yophimba nkhope yonse, ya galasi la shade (muyezo wa kuda kwa galasi) 10 kapena 11. Ngati mthumba mukulola, gulani yodzidetsa yokha moto ukayaka, chifukwa mumaona pamene mwaloza ndodo musanagunde, ndipo manja onse awiri amakhala omasuka. Magalasi akuda a dzuwa sateteza chilichonse pano, ngakhale mumaona amisiri ena m'mbali mwa msewu atavala omwewo kapena akungotsinzina. Kuwala kwa moto wowotcherera kuli ndi cheza chimene chimawotcha maso ndi khungu, ndipo khungu lakuda limapsanso.

Valani magolovesi achikopa aatali, malaya a manja aatali ndi buluku la jinzi kapena nsalu ya thonje yochindikala. Za kaunjika zimakwanira, bola muone chizindikiro chake: nayiloni ndi polyester zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Nsapato zikhale zachikopa zotseka, buluku likhale pamwamba pa nsapato kuti mbaliwali zisagwere mkati. Chotsani machesi ndi laita m'thumba. Muzikhalanso ndi magalasi oyera oteteza maso pogogoda makoko ndi pogwiritsa ntchito grinder, chifukwa makoko otentha amathetheka okha msoko ukamazizira.

Maso akuwawa usiku nditawotcherera masana. Chachitika n'chiyani?

Kuwala kuja kwapsereza khungu la pamwamba pa diso. Ululu suyamba pomwepo. Umabwera patapita maola 6 mpaka 12, nthawi zambiri pakati pa usiku: m'maso mumamveka mchenga, misozi ili chuchuchu, ndipo simufuna kuona nyale. Khalani mu mdima, ikani nsalu yoyera yonyowa ndi madzi ozizira pa zikope mutatsinzina, imwani mankhwala ochepetsa ululu monga paracetamol, ndipo musatikite. Musadonthezeremo mkaka, madzi a shuga kapena zitsamba. Kawirikawiri kumachepa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ululu ukupitirira, simukuona bwino, kapena mukukayikira kuti mwalowa kachitsulo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kachitsulo kakakhala m'diso kamachita dzimbiri.

Izi zimagweranso oonerera. Ana amakhamukira kumene kukuthwanima moto, ndipo iwo sadziwa kuyang'ana kumbali. Tchingani malo anu ndi malata akale kapena thabwa lalikulu, ndipo muwauze achoke musanagunde ndodo.

Ndiziwotcherera pati?

Panja pamthunzi kapena pakhonde la simenti lopita mphepo, osati m'chipinda chotseka. Sesani udzu wouma, mapepala, utuchi ndi matumba, ndipo petulo, parafini, penti ndi thinner zikhale kutali. Mbaliwali za grinder zimauluka mamita angapo, ndipo mwezi wa October mpanda wa udzu kapena denga la kakhitchini sizichedwa kugwira. Khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi, ndi chozimira moto cha ufa ngati mungathe. Mukamaliza musachoke nthawi yomweyo. Dikirani mphindi 30 mukuyang'ana, popeza moto wa mbaliwali umayamba mwa kufuka chamumtima.

Pansi pakhale pouma. Pa nsonga ya ndodo pamakhala ma volt oposa 50 makina akangoyaka, ngakhale simukuwotcherera. Manja ouma mu magolovesi ouma sangamve kanthu, koma golovesi yonyowa ndi thukuta, mapazi ali pa dothi lonyowa, zingakuvulazeni kwambiri. Musawotcherere pamvula, musasinthe ndodo ndi manja opanda golovesi, ndipo musapanire chogwirira ndodo m'khwapa.

Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Musayambe ndi geti. Pezani zidutswa za flat bar kapena angle iron zochindikala 4 mpaka 6 mm kwa ogulitsa zitsulo zakale. Palani dzimbiri ndi penti ndi grinder mpaka chitsulo chiwale, pamene muwotcherere ndi pamene mupanire earth pomwe. Ikani ndodo ya 2.5 mm, ma amp 80.

Poyatsa, khwekhwezani nsonga ya ndodo pa chitsulo ngati mukuyatsa machesi, moto ukabuka mukweze pang'ono, kenako mutsitse mpaka mpata wa pakati pa ndodo ndi chitsulo ukhale pafupifupi 2 kapena 3 mm. Pendeketsani ndodo pang'ono, madigiri 10 mpaka 15, kuloza kumene mukupita, ndipo muziikoka, osati kuikankha. Wogwira ndi dzanja lamanja ayende kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ndodo imafupika pamene ikupsa, choncho dzanja liyenera kutsika pang'onopang'ono nthawi yomweyo likuyenda chammbali. Ichi ndi chimene chimavuta masiku oyamba, ndipo palibe njira yachidule. Tsamizani chigongono pa tebulo kapena gwirizani dzanja ndi linzake kuti lisanjenjemere.

Maso anu asakhale pa kuwalako. Akhale kumbuyo kwa ndodo, pa kadziwe ka chitsulo chosungunuka. Mudzaona mbali yowala kwambiri, chimenecho ndiye chitsulo, ndi zinthu zoderako zoyandama chakumbuyo, amenewo ndi makoko. Liwiro lanu lizitsatira kadziweko: kakhale kotambalala pafupifupi kawiri kunenepa kwa ndodo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Munthu akayamba kusiyanitsa chitsulo ndi makoko mkati mwa helimeti, zina zonse zimabwera msanga.

Jambulani mizere ndi choko, muwotcherere msoko wowongoka wa masentimita 10, mugogode makoko, mupukute ndi burashi ya waya, muuyang'ane, kenako wina pambali pake. Malizani paketi ya kilogalamu imodzi mukuchita zomwezi. Mukatero lumikizani zidutswa ziwiri ngati chilembo T, muwotcherere mbali imodzi yokha, muchipanire pa vice n'kuchimenya ndi hamala kupindira ku msoko. Chikathyoka mosavuta ndipo m'mphepete mwa chitsulo mukuoneka mosasungunuka, msoko unangokhala pamwamba. Msoko wokongola ungathe kukhala wosagwira, ndipo mayeso amenewa ndi amene amaulula.

Ndodo ikungomatirira pa chitsulo. Ndikulakwitsa pati?

Zifukwa zake ndi zinayi, ndipo muziyambira pa choyamba: earth siinagwire pa chitsulo choyera, ma amp achepa, ndodo ndi yonyowa, kapena mukuigunda n'kuisiya pomwepo osakweza. Ikamata, ipotozeni msanga uku ndi uku. Ikakana, tsegulani chogwirira muisiye pa chitsulopo isanafiire, ikazizira muithyole. Ndodo yogwiritsidwapo kale imakhala ndi kakoko ku nsonga, kagogodeni pa simenti musanayatsenso.

Ndingadziwe bwanji vuto poyang'ana msoko?

Msoko wautali m'mwamba, wowonda, wooneka ngati wangoikidwa pamwamba, ukusonyeza kuti ma amp achepa kapena munathamanga. Wotambalala kwambiri, wokhala ndi timibulu tambirimbiri m'mbali ndi kangalande kodyeka m'mphepete mwake, ma amp achuluka kapena ndodo inali kutali ndi chitsulo. Timabowo timachokera ku dzimbiri, penti, oilo, ndodo yonyowa, kapenanso mpata wautali womwe uja.

Vuto lofala kwambiri ndi E6013 limaoneka pa ngodya yamkati: mukagogoda makoko mumapeza chitsulo chakhala mbali iyi ndi mbali iyo, pakati pali mzere wa makoko. Zimachitika makoko akathamangira kutsogolo kwa ndodo. Onjezani ma amp 5 kapena 10, fupikitsani mpata, lozani ndodo pakati penipeni pa ngodya, ndipo muipendeketse mowonjezera kuti mphamvu ya moto ikankhire makoko kumbuyo. Musawotcherere pamwamba pa makoko pofuna kubisa. Palani ndi grinder mpaka atuluke onse, kenako mubwereze.

Square tube ikungobooka. Nditani?

Machubu ambiri a mipando ndi mawindo ndi opyapyala, 1.2 mpaka 1.6 mm, ndipo ena ogulitsidwa motchipa safika n'komwe pamenepo. Pogula funsani kuchindikala kwake, ndipo ntchito zoyamba gulani a 1.6 kapena 2 mm. Dulani mosamala kuti zidutswa zikumane popanda mpata, chifukwa bowo limayambira pa mpata. Gwiritsani ntchito ndodo ya 2.0 mm pa ma amp 40 mpaka 55, kapena ya 2.5 mm pa ma amp 55 mpaka 65. Pa inverter mungathe kulumikiza chogwirira ndodo ku negative ndi earth ku positive, moto sulowa kwambiri m'chitsulo.

Pa chitsulo chotere musakoke msoko wautali. Yatsani kwa sekondi imodzi, zimitsani, dikirani kufiira kuchepe, yatsaninso pa theka la kadontho kaja, mpaka mzere uthe. Pamene chubu china chagunda m'mbali mwa chinzake, lozani moto kwambiri pa khoma la chubu chathunthucho, osati pa mlomo wodulidwa umene umasungunuka msanga. Bowo likachitika, lekani lizizire, gogodani makoko, muzidontheza m'mphepete mozungulira mpaka litsekeke.

Ndinayeza bwino, koma fulemu yatuluka yokhota. Chifukwa chiyani?

Msoko ukamazizira umakhwinyata n'kukokera zitsulo mbali imene mwawotcherera. Palibe mmisiri amene angaletse zimenezi, amangozikonzekera. Ikani zidutswa zonse pamalo osalala, muzipanire, mugwirize ngodya iliyonse ndi kadontho kamodzi kokha. Yezani ndi tepi kuchokera pa ngodya ina kukafika pa ngodya yoyang'anana nayo chopingasa, kenako mbali inayo. Miyezo iwiriyo ikafanana, fulemu ili bwino. Ikasiyana, gogodani ngodya ya mbali yaitaliyo mpaka ifanane, onjezani timadontho, yezaninso. Powotcherera kwenikweni muzidumpha: ngodya iyi, kenako yopingasana nayo, tembenuzani fulemu, bwerezani. Musamalize ngodya imodzi mbali zonse zinayi zinzake zikanali pa timadontho. Ndipo musathire madzi pa msoko wotentha pofuna kufulumira, zitsulo zina zimauma n'kuchita ming'alu.

Mapaipi a madzi ndi zitsulo zokutidwa ngati malata, ndingawotcherere?

Mungathe, koma zimakutidwa ndi zinc amene amatulutsa utsi woyera. Mukaupuma, patapita maola angapo mumamva kuzizidwa, kutentha thupi, mutu ndi kuphwanya m'thupi, moti ambiri amaganiza kuti ndi malungo. Palani zinc ndi grinder masentimita 2 kapena 3 mbali zonse za polumikizapo, wotchererani panja, mutu wanu usakhale pamwamba pa utsi, ndipo valani chophimba mphuno cha P2 kapena P3 mkati mwa helimeti. Kumwa mkaka sikuteteza mapapo, ngakhale kuti ambiri amakhulupirira choncho. Penti yakale muipalenso, ndipo musatsuke chitsulo ndi mankhwala otsukira mabuleki okhala ndi chlorine: akakumana ndi moto wowotcherera amatulutsa mpweya wa poizoni.

Ndili ndi diramu yakale, ndikufuna kupanga chowotchera nyama. Ndingaidule?

Ngati munali petulo, dizilo, parafini, thinner, oilo kapena mankhwala amene simukuwadziwa, ayi. Diramu yooneka youma imakhalabe ndi mpweya woyaka ndi zotsalira m'mikwingwirima yake, ndipo imaphulika ndi mbaliwali imodzi. Kutsukuluza kamodzi ndi madzi sikukwanira. Chimodzimodzi thanki ya mafuta ya galimoto kapena njinga yamoto, botolo la gasi, ndi limu imene tayala lake lidakalipo, ngakhale lophwetsedwa. Gulani chitsulo chatsopano cha 2 kapena 3 mm mupange bokosi.

Grinder ndi yoopsa motani?

Imavulaza anthu kawirikawiri, mwina kuposa makina owotcherera. Gulani yaing'ono ya 115 mm. Chotchingira chake musachichotse, ndipo musaikepo disiki yaikulu kuposa muyezo wake kapena mpeni wa macheka ochekera matabwa. Disiki yopyapyala ya 1 mm ndi yodulira basi, mukapalira m'mbali mwake imasweka. Yopalira ndi yochindikala, pafupifupi 6 mm. Pa kachitsulo ka pakati pa disiki pamadindidwa tsiku lothera ntchito, lioneni pogula. Panirani chitsulo musanadule, gwirani ndi manja awiri, chidutswa chodulidwacho chikhale chomasuka kugwa kuti chisapane disiki, ndipo zulani pulagi posintha disiki.

Aluminiyamu ndi cast iron zitheka ndi makina omwewa?

Aluminiyamu isiyeni, ndi yovuta kwambiri ndi makina a ndodo. Cast iron (chitsulo choumbidwa m'chikombole) imatheka ndi ndodo za nickel, zomwe ndi zodula: mumatenthetsa chinthu chonse kaye, kuwotcherera timisoko tatifupi ta masentimita 2 kapena 3 mukugogoda pang'onopang'ono, kenako kuchikwirira mu mchenga wouma kapena phulusa kuti chizizire pang'onopang'ono. Mukayesa ndi E6013 chimang'aluka pambali pa msoko. Stainless imafuna ndodo zakezake, monga 308L.

Ndi ntchito ziti zimene woyamba asagwire?

Chilichonse chimene chikathyoka chingaphe munthu: chokokera ngolo kapena trailer, chassis ndi ziwongolero za galimoto, foloko ya njinga ya kabaza, nsanja ya thanki ya madzi, zitsulo za denga, katungwe wa ana. Izi pitani nazo kwa mmisiri wodziwa, kapena dikirani mutaphunzira mokwanira. Maphunziro a kuwotcherera ovomerezedwa ndi TEVETA amapezeka m'makoleji a ntchito zamanja, ndipo masabata ochepa pafupi ndi mmisiri wabwino amakonza zizolowezi zimene simungazione nokha. Mukawotcherera kanthu kakang'ono pa galimoto, monga chogwirizira ekizozi, chotsani batire kaye ndipo earth mupanire pafupi penipeni ndi pamene mukugwira ntchito.

Yambani ndi tebulo lanu lowotchererapo, kenako shelefu, choikapo ndowa, benchi. Mukafika popanga mabagala a m'mawindo, chipinda chilichonse chogona chikhale ndi windo limodzi lomwe chitsulo chake chimatseguka kuchokera mkati, kiyi wake akhale pamalo odziwika kwa onse ogona m'menemo. Moto ukabuka pakhomo lolowera, windo limenelo ndi lokhalo lotulukira.

Ndikamaliza, ndipake chiyani kuti chisachite dzimbiri?

Gogodani makoko onse, chifukwa otsala amayamwa chinyezi n'kudzagwa pamodzi ndi penti. Palani timibulu, pukutani ndi burashi ya waya, chotsani mafuta a pa chubu chatsopano ndi nsalu ya thinner chitsulo chitazizira ndipo makina atazimitsidwa. Pakani penti yoteteza dzimbiri ya red oxide tsiku lomwelo, kawiri pa misoko, iume bwino, kenako penti ya gloss kawiri. Machubu oimirira panja atsekeni pamwamba ndi kachitsulo kapena chitsekero cha pulasitiki, ndipo pansi pake boolani kabowo ka 5 kapena 6 mm kotulutsira madzi, popeza geti zambiri zimayamba kudyeka mkati mwa chubu cha pansi penti ya kunja ikadali bwino.